Mukabwera ku Glasgow ndi malipiro, samalani foni kuposa thumba

Nyengo yothyola zipatso ikamatha m'minda ya ku Angus, Fife ndi Perthshire, ambiri amakwera basi kudzatsikira pa Buchanan Bus Station ku Glasgow. Ena amapitirira pa sitima kuchokera ku Queen Street mpaka ku Easterhouse kukaona abale, kugula zovala za ana ku Glasgow Fort, ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Thukuta la miyezi ingapo limakhala lili mu akaunti imodzi, ndipo akamberembere amadziwa zimenezi.

Opisa m'thumba alipo ndithu m'malo odzaza anthu ngati Buchanan Street ndi Argyle Street. Koma amene anayendapo mu Limbe kapena pa depoti ya mabasi ku Lilongwe safuna kuphunzitsidwa kugwira chikwama. Chongowonjezera n'chakuti khadi la banki la kuno limagula pongoligunditsa pa makina popanda PIN, choncho likasowa litsekeni nthawi yomweyo pa app ya banki.

Ndalama zochuluka zikupita kudzera pa foni. Kuyambira pa 7 October 2024, mabanki a ku UK akukakamizidwa kubweza ndalama kwa munthu amene wapusitsidwa n'kutumiza yekha ndalama kwa wakuba, mpaka £85,000. Dandaulo liyenera kufika ku banki pasanathe miyezi 13, ndipo banki ikhoza kudulapo mpaka £100. Lamuloli ndi labwino, koma analipanga poganizira anthu amene ndalama zawo zimazungulira mkati mwa dziko lino. Limakhudza ndalama zochoka ku akaunti ya ku UK kupita ku akaunti inanso ya ku UK. Zopereka pamanja mulibe. Zotumiza kunja mulibenso.

Apa ndi pamene Amalawi tikupwetekera. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zakhala zikusowa kwathu, ndipo mtengo wa pamsika wakuseri umaposa wa ku banki. Ndiye pa magulu a WhatsApp pamatulukira munthu wolonjeza reti yonona: mum'patse mapaundi kuno, mnzake atumize makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba kwa amayi kumudzi. Ulendo woyamba ndi wachiwiri zimayenda bwinobwino. Tsiku lomwe mwam'patsa za malata kapena za fizi ya chaka chonse, nambala imazima. Ngati munam'patsa pamanja pamalo oimika magalimoto, mulibe lisiti, mulibe umboni, ndipo banki ilibe chokubwezerani. Wochita bizinesi yotumiza ndalama ayenera kupezeka m'kaundula wa Financial Conduct Authority, yemwe aliyense angathe kumuona pa intaneti kwaulere. Reti yake ndi yowawa, inde, koma ndalama zikasokera pali pokadandaula.

Msampha wina ndi woipa kwambiri chifukwa wogwidwa amasanduka wolakwa. Wina amati, "Achimwene, ndibwerekeni akaunti ndalama zanga zingodutsamo, ndikusiyirani ya sopo." Nthawi zambiri zimakhala zobedwa kwa munthu wina. Pansi pa Proceeds of Crime Act ya 2002, mlandu wotere chilango chake chimafika zaka 14. Ngakhale osafika kukhoti, banki imatseka akaunti, dzina n'kulowa m'kaundula wa Cifas mpaka zaka zisanu ndi chimodzi. Nanga abwana a pafamu malipiro adzawaika kuti?

Pamapepala naponso pali adyera. Makadi a BRP anatha ntchito pa 31 December 2024, m'malo mwake munabwera eVisa. Kutsegula akaunti ya UKVI pa gov.uk n'kwaulere, ndiye wolipiritsa "kuti zifulumire" akungokudyerani. Viza ya Seasonal Worker ya m'minda ndi ya miyezi isanu ndi umodzi basi, ndipo simungaisinthe kukhala ya ntchito ina muli konkuno, kaya wokulonjezaniyo wavala jekete yotani. Wopereka uphungu wa za imigireshoni ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority.

Chimene chimadyetsa akubawa ndi mantha athu. Ambiri amaopa kuti akapita kupolisi afunsidwa za mapepala, ena amangochita manyazi kuti kutchalitchi amva. Amene mapepala ake ali bwino sataya viza chifukwa choti waberedwa. Ku Scotland nkhani zachinyengo zimapita ku Police Scotland pa 101, kapena 999 ngati zikuchitika pomwepo. Wina akaimba n'kunena kuti ndi wa ku banki kapena wapolisi, akufuna musamutse ndalama kupita ku akaunti "yotetezeka", dulani foni, muimbe 159, nambala yomwe imakulumikizani ndi banki yanu yeniyeni. Uthenga wokayikitsa wa SMS utumizeni ku 7726 kwaulere. Ogwira ntchito m'minda amene vuto lawo likukhudza abwana kapena amene anawapezera ntchito angathenso kufikira Worker Support Centre, bungwe lothandiza antchito obwera a m'mafamu a ku Scotland.