Matailosi a bambo ndi msewu wathu wamatope

Bambo anga atapuma ntchito ya uphunzitsi, ndalama zawo za penshoni zisanalowe n'komwe kubanki, anali atazimaliza kale m'mutu. Nyumba yathu ya ku Machinjiri aiike matailosi kuyambira pabalaza mpaka kuzipinda, siling'i, mazenera a aluminiyamu, kenako mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Nditapita kunyumba pa holide anandikhazika pakhonde n'kundiwerengera zonsezi ngati akuitana mayina m'kalasi. Pomaliza anati, "Ndikuchitira inu anawa. Tsiku lina ine kulibe, mukadzafuna kugulitsa, nyumba ino idzakhala itakwera mtengo."

Mawu omalizawo ndi amene anatiyambanitsa. Sindikana kuti nyumba ya matailosi imakongola. Chimene ndimakana ndi chikhulupiriro chimene ambiri tinakula nacho, chakuti kwacha iliyonse imene wathira m'khoma idzabwerera ndi ana ake tsiku logulitsa. Nthawi zambiri sibwerera, ndipo zimene zimakwezadi mtengo wa nyumba ndi zinthu zimene mwini nyumba sangagule ku hadiweya.

Munthu akamagula nyumba amagula zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimango ndi malo pamene chaima. Chimango chimayamba kukalamba tsiku limene mmisiri watsika padenga. Penti imasuluka, malata amachita dzimbiri, chiswe chimapeza njira yake. Chimene chimakwera ndi malo, chifukwa anthu mumzinda akuchuluka koma nthaka sikubereka. Tengani nyumba yathuyi momwe ililimu, osasintha ngakhale chitseko, muinyamule mukaikhazike ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe. Mtengo wake usintha usiku womwewo. Ndiye chasintha n'chiyani? Msewu wa tala, madzi a m'mpopi, mtunda wokafika m'tauni, ndi mtundu wa anthu amene akufuna kukhala kumeneko.

Dera lililonse lili ndi denga la mtengo wake. Munthu amene ali ndi ndalama zogulira nyumba ya siling'i ndi geti lachitsulo amakhalanso ndi galimoto, ndipo funso lake loyamba ndi lakuti galimotoyo ikafika pakhomo mu Febuluwale mvula itavuta. Kwathu sifika. Mumaisiya kumtunda n'kutsika wapansi, nsapato m'manja. Choncho wogula amene angakwanitse kulipira matailosi a bambo sabwera kwathu, ndipo amene amabwera kwathu sakufuna kulipira matailosi. Amafuna denga losadontha ndi mtengo wofanana ndi wa nyumba zoyandikana nazo. Onjezaninso nkhani ya makonda: matailosi amene bambo akuwaona ngati apamwamba lero, wogula wa zaka khumi zikubwerazi akhoza kuwaona ngati ntchito yoti akagumule.

Pali chinthu china chimene chimatipusitsa, ndicho kwacha. Bambo anandipatsa chitsanzo cha mnzawo amene anakonza nyumba n'kuigulitsa pamtengo woposa umene anthu ankainenerera kale. Ndinawafunsa kuti anagulitsa liti. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pamtengo wa kubanki. Tiyerekeze kuti nyumba inali ya K20 miliyoni kutsitsa kwachiwiriku kusanachitike. Kuti ingokhala pomwe inali poiyeza ndi dola, inayenera kufika pafupifupi K29 miliyoni. Ngati mwini wake anaigulitsa K25 miliyoni, anapita kunyumba akumwetulira kuti wapindula K5 miliyoni chifukwa cha penti yatsopano, chonsecho waluza. Nambala yakula, koma matumba a simenti amene ingagule achepa. Tikamva kuti nyumba yakwera mtengo, nthawi zambiri ndi ndalama imene yagwa.

Nanga chitukuko cha m'dera? Apa ndikuvomera ndi mtima wonse kuti chimakweza mtengo, ndipo chimaposa kukonza kulikonse kumene mwini nyumba angachite. Amene munaona Lilongwe msewu wolambalala mzinda wa kumadzulo usanamangidwe, kenako n'kudzaonanso patapita zaka, mukudziwa momwe malo amene anali minda ya chimanga anasandukira mapuloti olimbirana. Eni malowo sanapente kanthu. Msewu unangowadutsa pafupi. Koma msewu womwewo uli ndi mano. Ukamakulitsidwa, amene anamanga m'malire a msewu amadzuka n'kupeza chizindikiro chofiira pakhoma, ndipo mpanda wokongola uja ndi umene umayamba kugwa.

Chitsanzo chimene ife ophunzira timachidziwa ndi thupi lathu ndi Chikanda ku Zomba. Chipinda cha ku Chikanda sichidula chifukwa ndi chokongola. Ena a ife tagonamo m'zipinda zimene zenera lake ndi katoni. Chimadula chifukwa yunivesite ili pafupi ndipo malo ogona a pasukulu sakwanira onse. Landilodi wa kumeneko amene amadziwa masamu saika matailosi. Amamanga chipinda china kuseri, amakoka magetsi, amaika mpopi pabwalo, basi. Ndipo apa mpamene nkhaniyi imandiwawa pang'ono, chifukwa mawu oti "mtengo wa nyumba wakwera" amakoma m'khutu la mwini nyumba yekha. Kwa ife amene timalipira lendi, ndi uthenga woti mwezi wamawa tiwonjezere. Ambiri mwa inu mukuwerenga muli kumbali imeneyi, ndipo mukhala komweko zaka zingapo mutamaliza maphunziro. Tala akafika m'dera limene mukuchita lendi, musathamangire kuvina.

Malo akhozanso kutsitsa mtengo mwankhanza kuposa momwe amaukwezera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Mwa nyumba zimenezo munali zina zomangidwa bwino, za simenti ndi malata abwino, zimene eni ake anazikonza kwa zaka zambiri. Lero munthu wanzeru akamaona nyumba m'mphepete mwa phiri kapena pafupi ndi mtsinje, amayang'ana kumtunda kaye asanayang'ane pabalaza. Ngalande yabwino yodutsa madzi ili ndi phindu kuposa siling'i, kungoti palibe amene amaijambula n'kuika pa Facebook.

Tsopano ndifike pa chimene ndinawapempha bambo. Puloti yathu anaigula kalekale, ndipo umboni wake ndi kalata yolembedwa pamanja, yosainidwa ndi wogulitsa, mboni ziwiri ndi chidindo cha mfumu. Ili m'chikwama chakale limodzi ndi masetifiketi athu a pulayimale. Kalata yotere imagwira ntchito pakati pa anthu odziwana. Kubanki sailandira ngati chikole. Izi zikutanthauza kuti aliyense amene angafune kugula nyumba yathu ndi ngongole ya kubanki sangathe, ndipo timatsala ndi ogula a ndalama zapamanja okha, amene amabwera ndi madobadoba ndipo amadziwa kuti ogulitsa alibe kothawira. Malo a m'mizinda yathu ambiri ali m'manja mwa unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, ndipo munthu amayenera kudziwa kuti pamene wamanga ndi pa ndani kuti apeze mapepala enieni. Ndi ntchito yotopetsa: kuyeza malo, kulipira, kupita kumaofesi n'kubwerera kangapo. Sikongoletsa nyumba ngakhale pang'ono. Koma title deed imachulukitsa anthu amene angathe kugula, ndipo mtengo wa chinthu umakwera ogula akachuluka.

Palinso chifukwa china chimene sindinathe kuchinena bwino pamaso pawo, poti mwana sauza bambo ake za imfa yawo. Tonse tinaonapo mabanja amene bambo atamwalira, achibale anatulukira ndi nkhani zawo, ndipo mayi ndi ana anatsala panja. Ngati cholinga ndi kutisiyira kanthu, pepala lolembedwa bwino ndi wilo zingatiteteze kuposa geti lachitsulo.

Sindikunena kuti kukonza konse n'kutaya ndalama. Kumene kumabweza ndi kumene kumasintha zimene nyumba ingachite. Kulowetsa madzi, kumanga chimbudzi chabwino, kukonza denga lodontha lisanawoletse mitengo, kukoka magetsi, kumanga kanyumba kakuseri koti munthu achite lendi. Izi zimabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, kapena zimaletsa nyumba kuwonongeka. Mpanda ndimauika pakati, chifukwa m'mataoni mwathu anthu amalipiradi chitetezo, ndipo nyumba ya mumpanda imapeza wochita lendi msanga. Koma matailosi ndi mazenera a aluminiyamu, m'dera limene msewu wake ndi wamatope, ndi zokondweretsa wokhalamo. Tisaiwalenso kuti m'madera amene khonsolo imatolera msonkho wa nyumba, msonkhowo umawerengedwa potengera mtengo umene oyeza aipatsa nyumbayo. Ukakweza mtengo papepala koma osagulitsa, wadzikwezera bilu.

Nditamaliza kuyankhula zonsezi, ndikudzimva ngati loya, mayi ndi amene anandigwetsa. Anali akusankha nyemba chapafupi, osaoneka ngati akumvetsera. Anati, "Nanga ndani wakuuza kuti tikugulitsa? Ine ndakolopa simenti yong'ambikayi kuyambira iwe usanabadwe." Ndinasowa choyankha. Zoonadi, mabanja ambiri kuno samanga nyumba kuti adzagulitse. Amamanga kuti akhalemo, alandiriremo alendo a chinkhoswe, adzagonekemo maliro. Munthu amene waima kutsogolo kwa kalasi zaka zoposa makumi atatu ali ndi ufulu woponda pa matailosi m'nyumba mwake asanamwalire, ndipo safunika chilolezo cha mwana wake amene sanagulepo ngakhale thumba limodzi la simenti. Chimene ndimapempha n'chakuti tizitchula chinthu ndi dzina lake. Ngati ndi chisangalalo, tinene kuti ndi chisangalalo, tichigule molingana ndi thumba. Tikachitcha bizinesi, timathiramo penshoni yonse poganiza kuti ili pabwino.

Tinagwirizana theka. Matailosi aikidwa pabalaza ndi kukhitchini kokha, kuti mayi apume. Mazenera a aluminiyamu aimitsidwa kaye. Ndalama zina zapita ku kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri, kamene kafika pa lintala. Za mapepala a malo, bambo anati apita kukafunsa "mvula ikatha." Sabata yatha ndinawaimbira foni kuwakumbutsa, ndipo anandiuza kuti mmisiri wawapezera geti lotchipa ku Ndirande.