Aphunzitsi a kompyuta tili nawo kale pa msika

Pa msika uliwonse wa kumudzi, kaya ku Nsundwe, ku Jenda kapena ku Thekerani, simungasowe kashopu ka mnyamata wobena nyimbo. Padenga pali sola, m'kati muli laputopu yakale, ndipo pa tebulo pali mafoni khumi ndi angapo akutchajidwa, iliyonse yomatidwa kapepala ka dzina la mwini wake. Anthu amamudziwa ngati woika nyimbo ndi mafilimu mu memole khadi. Ine ndikuti ameneyu ndiye mphunzitsi wa zipangizo zamakono amene Amalawi ambiri akumudzi anakumanapo naye, ndipo dziko likulakwitsa posamuwerengera.

Khalani pa benchi yake ola limodzi muone. Kubwera mayi wogulitsa tomato, foni ataimanga pa nsonga ya chitenje. Walandira uthenga woti ndalama ija atumize pa nambala ina, ndipo akuganiza kuti ndi mlamu wake wa ku Johannesburg. Mnyamata uja awerenga, apukusa mutu. "Mayi, awa ndi akuba. Imbirani kaye alamu anuwo mumve mawu awo." Kenako amuonetsa poonera ndalama zotsala pa Mpamba, amubwezera foni kuti adinemo yekha nambala yachinsinsi, iye atayang'ana kumbali. Phunziro lonselo salipiritsa. Wandalama ndi tchaji basi. Maphunziro angati a m'mahotela, a alawansi ndi botolo la madzi pa tebulo, amene anapulumutsapo mpamba wa mayi wa tomato chonchi?

Nkhaniyi yakula tsopano chifukwa zipangizo zalowa m'sukulu za pulaimale. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti. Maphunziro ake ndi a bungwe la onebillion, ali m'Chichewa, ndipo anayesedwa kale m'dziko muno mogwirizana ndi VSO kwa zaka zingapo. Mu 2019 bungwe la onebillion linali limodzi mwa awiri omwe anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Mwana amene m'kalasi ya ana zana sakanaitanidwa dzina chaka chonse, pa tabuleti amayankha funso lililonse yekha, nauzidwa pompo ngati wakhoza.

Koma walira mvula walira matope. Tabuleti imagwa, galasi limasweka, mahedifoni amaduka waya, batire ya sola imatopa, fumbi la mu Okutobala limalowa paliponse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zowunikira magetsi zinali pafupifupi imodzi yokha pa khumi, choncho sukulu zambiri zidalira dzuwa, ndipo sola ikafa zonse zaima. Mphunzitsi wa Sitandade 2 sanaphunzire kumasula foni ku koleji, ndipo si chilungamo kumusenzetsanso katundu ameneyu. Kodi tizidikira galimoto yochokera ku Lilongwe nthawi iliyonse waya akaduka, pomwe mtunda wa mphindi makumi awiri pa kabaza pali munthu amene amawotcherera mawaya otere tsiku ndi tsiku?

Ena anena kuti achinyamatawa angodzipereka, athandize sukulu ya kwawo mwaulere. Kudzipereka ndimakulemekeza. Ndaona atsikana omaliza Fomu 4 akuphunzitsa anzawo kutaipa Loweruka lililonse popanda wowapatsa ngakhale sopo. Chimene chimandiwawa n'chakuti tazolowera kusandutsa mtima wabwino wa achinyamata kukhala ntchito yaulere yosatha. Munthu amadzipereka chaka, chaka china, malipiro ake n'kukhala malaya olembedwa dzina la polojekiti ndi satifiketi, kenako polojekiti itha, iye abwerera pakhomo pa makolo wopanda kanthu m'manja. Pafupifupi theka la anthu m'dziko muno sanakwane zaka 18. Gulu lonseli silingadye kuyamikiridwa. Komanso chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galasi la foni, batire ndi bandulo ya intaneti zonse zinakwera mtengo, moti wodziperekayo nthawi zambiri amatapa m'thumba mwake.

Kudzipereka kuzikhala ndi polekezera, ndipo polekezerapo pazikhala bizinesi. Mnyamata kapena mtsikana athandize sukulu teremu imodzi kapena awiri akuphunzitsidwa kasamalidwe ka matabuleti ndi sola. TEVETA imuyese pa zomwe akudziwa kale, imupatse pepala. Akatero komiti ya sukulu ichite naye pangano la malipiro, ngakhale ochepa, pa chipangizo chilichonse chomwe wakonza. Pangano lotere ndi limene angapite nalo ku banki mkhonde kapena kobwereketsa ndalama kuti agule zida zake. Ndipo atsikana asaiwalike. Mashopu obena nyimbo ambiri ndi a anyamata, koma taonani amene akhala m'tizikumbi ta Airtel Money ndi Mpamba: ambiri ndi atsikana, owerengera ndalama zankhaninkhani pa foni osaphonya.

Timanyadira William Kamkwamba, amene atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ku Wimbe m'boma la Kasungu, pogwiritsa ntchito buku la m'laibulale ndi zitsulo zotola. Timanyadiranso Rachel Sibande amene anakhazikitsa mHub ku Lilongwe. Koma malo ngati mHub ali m'tauni, ndipo Kamkwamba tinamudziwa atolankhani atafika kwawo patapita zaka. Ena onga iwowa sitifunika kuwasaka kutali, mayina awo a mfumu akuwadziwa.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu zomwe zalandira matabuleti. Pa msonkhano wanu wa teremu ikubwerayi, itanani wokonza mafoni wa pa msika wanu, mumuonetse bokosi lotchajira ndi mahedifoni oduka aja, mumufunse kuti angakonze ziti ndipo pa mtengo wanji. Yankho lakelo mulilembe, mulitumize kwa PEA wanu.