MALO ANO SAKUGULITSIDWA

Mukamayenda mu Area 25, ku Chirimba kapena ku Luwinga, tamakwezani maso muziwerenga makoma. Pena mupeza zilembo zofiira, zokhotakhota, penti yake ikuyenderera: MALO ANO SAKUGULITSIDWA. Munayamba mwadzifunsapo kuti munthu angaipitsirenji mpanda womwe anamanga ndi ndalama zake? N'chifukwa choti akutidziwa. Akudziwa kuti wogula malo kwathu kuno sapita kukafunsa kulikonse, amangokhulupirira pakamwa pa dobadoba. Ndiye mwini nyumba amangoti bola ndilembe pakhoma, poti kumene dzina langa linalembedwa kale, anthuwa safikako.

Sabata ino ndabwera kudzakangana nanu, inu nomwe. Timawerenga ndakatulo, timakonzana pa zilembo, tikhoza kutha usiku wonse tikutsutsana ngati mawu akuti “mvula” ayenera kukhala ndi “b” pakati. Koma ndi angati mwa ife amene anawerengapo tsamba la kaundula wa malo omwe akugonapo?

Msuweni wanga wina ndi mphunzitsi wa pulayimale. Anasunga ndalama zaka zinayi, kuphatikizapo za banki m'khonde, mpaka anagula poloti kunja kwa tauni. Mgwirizano analemba pa pepala long'amba m'kope, mboni ziwiri zinasayina, a nyakwawa n'kudinda. Anatuta njerwa. Atapita kumudzi patchuthi, pobwera anapeza anyamata akukumba fawundeshoni, ndipo bwana wawo anatulutsa lizi yomwe inatuluka kale iye asanapereke n'komwe ndalama zake. Ndinamufunsa kuti, “Asuweni, ku Lands munapitako?” Yankho lake silindichoka m'mutu: “Ku Lands kukatani, si amfumu anadinda?” Nambala ya dobadoba uja mpaka lero sikupezeka.

Musamuseke. Ambiri a inu mukanachita chimodzimodzi, ena munachita kale, kungoti mwini lizi sanatulukirebe.

Chomwe asuweni sanachite sichovuta kumvetsa. Malo akakhala olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act la 1967, amakhala ndi nambala komanso tsamba lakelake mu kaundula. Tsambalo lili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimafotokoza malowo: ali kuti, ndi aakulu bwanji. Chachiwiri chimatchula mwini wake. Chachitatu, chomwe ogulitsa achinyengo amadana nacho, chimaonetsa zolemetsa zonse zomwe zili pamalowo: ngati anaikidwa chikole kubanki, mudzaziona pamenepo. Wina akakhala kuti anakaikapo chiletso choti malowo asasinthidwe dzina chifukwa naye akuti ndi ake, nazonso zimalembedwa. Mumapita ndi nambala ya malo, kudzaza fomu, kulipira, n'kupempha chomwe a ku Lands amachitcha search. Dzina lomwe latuluka mukaliyerekeze ndi la pa chitupa cha unzika cha amene akukugulitsaniyo. Akayamba zoti “ndi dzina la achimwene, ali ku Joni, anandiuza ndigulitse,” funsani kalata yovomerezeka yomupatsa mphamvuzo. Akakwiya, bwezani ndalama zanu m'thumba. Mukafunsenso kukhonsolo ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo, ndipo mupeze saveya akakuonetseni mabikoni, chifukwa pepala likhoza kukhala lenileni koma malo omwe akukulozeraniwo n'kukhala a neba.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima. Mukuti makolo athu analibe mapepala koma sankalimbirana minda, malire unali mtengo wa mpoza ndi chulu. N'zoona ndithu. Koma pepala linafika osatifunsa. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo malo aakulu a m'mapiri a Shire anasanduka a eni ake a esiteti. Anthu omwe ankadalira mpoza ndi chulu anadzuka ali alendo pa nthaka yomwe ankalima, n'kumagwira thangata kuti asathamangitsidwe. Mkwiyo womwe unaphulika mu 1915 nthawi ya John Chilembwe, mbali ina unachokera pamenepo, ku esiteti ya Magomero. Ine sindikunena kuti pepala limanena zoona nthawi zonse, ayi. Ndikunena kuti kukhothi amayamba kuona pepala, ndipo amene sanaliwerenge amalowa mlandu ali wogonja kale.

Tiyeni tione kwa anzathu pang'ono. Ku America dziko linagawidwa m'timaboma toposa 3,000 tomwe amatitcha county, ndipo m'madera ambiri zikalata zogulitsirana malo zimasungidwa ku ofesi ya county. Aliyense akhoza kulowa n'kufufuza, safunika kukhala loya kapena mbale wa kalaliki. Pali mndandanda wa mayina a ogulitsa ndi wina wa ogula. Mukapeza dzina la mwini wa lero, mumaona kuti anagula kwa yani, ameneyonso anagula kwa yani, kubwerera m'mbuyo mpaka mutapeza pomwe unyolo unaduka, ngati unaduka. Ofesi ina, yowerengera msonkho, imasunga nambala ya malo ndi mtengo wake, ndipo m'madera ambiri zimenezi zili pa intaneti.

Kwa inu alembi, imvani ichi. Ku Minneapolis, mu Hennepin County, anthu ongodzipereka a ntchito yotchedwa Mapping Prejudice anakhala pansi n'kuwerenga zikalata zakale za nyumba. Anapezamo ziganizo zikwizikwi zoletsa kugulitsa nyumbazo kwa anthu akuda. Khothi lalikulu la dzikolo linagamula mu 1948 kuti makhothi asamakakamize anthu kutsatira ziganizo zotere, koma mawuwo anatsalabe m'mabuku, kudikira wowerenga. Mbiri ya tsankho la mzinda wonse inali m'mashelefu a ofesi ya malo. Ife timadandaula kuti tasowa nkhani zolemba, chikhalirecho mafayilo a maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje sitinawapemphepo n'kamodzi komwe.

Koma musaganize kuti kaundula wotseguka amapulumutsa munthu wosapitako. Kumwera kwa America komweko, mabanja ambiri a anthu akuda anataya minda motere: gogo wamwalira osasiya wilo, malo akhala a ana onse ndi zidzukulu pamodzi, dzina mu kaundula silinasinthidwe. Pakapita zaka eni ake amachuluka, ena sadziwana n'komwe. Munthu wakunja amagula gawo la mdzukulu mmodzi yemwe ali kutali, kenako n'kupempha khothi kuti malo onse agulitsidwe kuti iye atengepo gawo lake. Banja lomwe lalima pamenepo zaka 100 limapakira katundu.

Mwaimva bwanji imeneyi, inu a kumadzulo kwa Lilongwe? Kumeneko minda ya mabanja inalembetsedwa kalekale mu ndondomeko ya ndunda, m'dzina la munthu woimira banja. Woimira wanuyo adakali moyo? Ngati anatisiya, pa tsamba paja pali dzina la ndani lero? Simukudziwa eti? Amalume anu ena aja, okonda kupita kutauni ndi chikwama cha mapepala, mwina akudziwa bwino.

Tsono boma nalo lisabisale kumbuyo kwa ulesi wathu. Kwa zaka zambiri ntchito za kaundula zakhala zikudalira maofesi a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje awononge ndalama ya ulendo ndi malo ogona kuti akangoona tsamba limodzi? Kaundula yemwe munthu wamba sangamufikire amatumikira okhawo odziwa khomo lolowera. Malamulo a za malo a 2016 anabwera ndi lonjezo loti ntchitoyi itsikire m'maboma, ndipo Customary Land Act inalola kuti munthu alembetse malo a makolo n'kulandira chikalata. Lamuloli limati komiti yoona za malo pamudzi itsogoleredwe ndi a gulupu, ikhale ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Ntchito yoyeserera inachitika m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Kwanuko komitiyi ilipo? Anaisankha ndani, tsiku liti, inu muli kuti? Aphungu anu akabwera kudzagawa nsalu, afunseni kuti ofesi ya kaundula wa malo ya m'boma lanu ili pati ndipo search ndi ndalama zingati. Muone ngati ayankhe.

Ndipo inu amayi, musalole kuti akuuzeni kuti “dzina la abambo likukwanira, si ndife banja?” Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa womwalira, inde, koma kumenyera nyumba kukhothi maliro ali chiphulire n'kowawa kuposa kulembetsa mayina awiri onse muli moyo. Funsani kuti muone pepalalo ndi maso anu. Mukamva kuti “lili kuofesi,” funsaninso mawa.

Asuweni aja anapita kwa a nyakwawa kukadandaula. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti nkhaniyi aiona. Chaka chatha tsopano. Njerwa zija anamaliza n'kugula ndi bwana wa lizi yemwe uja, pa theka la mtengo wake, poti kuzisamutsa kunkafuna ndalama ya lole yomwe asuweni analibe.