MTSOGOLERI ADZIWIKA PA TSIKU LA TSOKA

Anthu acikulire a ku Rufunsa, m'maiko a Mfumu Mpanshya, Mfumu Shikabeta ndi Mfumu Bunda Bunda, akali kukumbukira mwezi wa November 1979. Asilikali a boma lacipanduko la Rhodesia anaphulitsa mlatho wa Chongwe, ndipo mseu waukulu wopita ku Lusaka unaduka. Caka ca 1978 adani omwewo anali atakhetsa mwazi ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa. Masiku amenewo ali ndi phunziro kwa yense amene anzace anamusankha kukhala patsogolo.

Phunziro loyamba ndi kulimba mtima. Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire, poganiza kuti Zambia adzagwada ndi kupitikitsa omenyera ufulu. Patangopita milungu yocepa Smith anatsegulanso, koma Dr Kenneth Kaunda anakana kubwerera ku njira imeneyo. Katundu anadzera kumpoto, ndipo njanji ya TAZARA inamalizidwa mu 1975.

Phunziro laciwiri ndilo lobvuta koposa. Mu October 1978, mvula ili pafupi, fataleza anali asanafike kwa alimi. Dr Kaunda analola kuti njanji ya kum'mwera igwirenso nchito, ngakhale anadziwa kuti ena adzamunena kuti wagonja. Sanagonje ai. Omenyera ufulu anakhalabe m'dziko muno mpaka Zimbabwe anadzilamulira pa 18 April 1980. Cimene anakana ndico kugula ulemu wace ndi njala ya anthu.

Apa ndi pamene atsogoleri ambiri a nthambi ndi zigawo za cipani amalephera. Alipo ena amene amauma khosi pa cinthu ciri conse, namayesa kuuma khosi ndiko mphamvu. Aliponso ena amene amatembenuka ndi mphepo iri yonse. Onsewa ataya njira. Colinga sicisintha, koma njira yofikirako isintha monga mwa zosowa za anthu.

Lero mdani safika ndi ndege. Afika ngati cilala conga ca 2024, ngati kutha kwa mitengo cifukwa ca malasha, ngati fataleza wofika mocedwa kapena wogawidwa mwa cibale. Wapampando amene abisa bvuto poopa manyazi, kapena kuika dzina lace poyamba pa mndandanda wa olandira, sayenera mpando umenewo.

Mamembala a ku Rufunsa ayese atsogoleri ao ndi muyeso uwu pa msonkhano uli wonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya.