Mwana akamafuna yunivesite, kholo nalonso lili ndi ntchito

Chaka chikamapita kumapeto, kuno ku Tete dzuwa limakhala likuswa mtengo, ndipo ana a kalasi 12 amakhala ali pa mayeso awo omaliza. Nthawi imeneyi ndi yomwenso mayunivesite amatulutsa chikalata chotchedwa edital. Chikalatachi chimanena maphunziro amene alipo, kuchuluka kwa malo, masiku olembetsa, ndalama zolipira ndi tsiku la mayeso olowera, amene pa Chipwitikizi timati exames de admissão.

Makolo ambiri akamva nkhaniyi amati: "Ine sukulu sindinapite. Izi ndi za mwana ndi aphunzitsi ake." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo sindigwirizana nawo. Inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba muli kale ndi chida chothandizira mwana wanu.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ku Matundo. Mayi wina woyandikana nane amagulitsa tomato pamsika. Mwana wake wamkazi anakhoza mayeso olowera. Banja lonse linasangalala. Koma tsiku lokalembetsa dzina, anapeza kuti dzina la pa BI likusiyana ndi la pa certificado ya sukulu. Kusiyana kwake kunali chilembo chimodzi chokha. Anayenda ofesi ndi ofesi, masiku akutha, ndalama ya chapa ikuthanso. Malo anangotsala pang'ono kumupulumuka. Mayiyo anandiuza kuti mapepala awiriwo anakhala m'sutikesi mwake zaka zingapo, koma sanawayerekezepo.

Kuyerekeza zilembo chimodzichimodzi ndi ntchito imene inu mumachita m'kalasi tsiku lililonse. Choncho yambirani pamenepo. Tulutsani kalata ya kubadwa, BI ndi mapepala a sukulu a mwana. Ikani pamphasa. Onani dzina, tsiku lobadwa, dzina la bambo ndi la mayi. Mukapeza cholakwa, kakonzeni msanga ku Registo Civil, ku Identificação Civil kapena kusukulu. Onaninso ngati BI sinathe masiku. Mwana akhalenso ndi nambala ya NUIT, imene imaperekedwa ndi Autoridade Tributária. Zimenezi musadikire kuti edital ituluke.

Chachiwiri, edital ikatuluka, khalani pansi ndi mwana muiwerenge limodzi. Iye awerenge mokweza, inu muzifunsa. Masiku ofunika muwalembe ndi dzanja lanu pa pepala, mulipachike pakhoma. Manambala mukuwadziwa, miyezi mukuidziwa. Mwana amatha kuiwala chifukwa cha mayeso, koma pepala la pakhoma siliiwala.

Dziwaninso kuti yunivesite si ku Maputo kokha. Universidade Eduardo Mondlane ndi yakale ndithu, inayamba mu 1962, koma lero tili ndi sukulu zapamwamba m'chigawo chathu chomwe chino. UniZambeze imaphunzitsa za umoyo mumzinda wa Tete ndi za ulimi ku Ulónguè, ku Angónia. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa za migodi, pafupi ndi malasha a ku Moatize. Ku Songo, kufupi ndi damu la Cahora Bassa, kulinso sukulu yapamwamba ya zaumisiri. UniPúnguè ili ndi nthambi kuno ku Tete, ndipo ambiri ofuna uphunzitsi amapita kumeneko. Universidade Católica nayo ilipo, koma si ya boma ndipo ndalama zake ndi zokwererapo. Mwana wophunzira pafupi amagona kwawo kapena kwa achibale, ndipo banja limapepukidwa.

Posankha maphunziro, mufunseni mwana kuti amakhoza chiyani. Mayeso olowera amatsata zimene munthu wasankha. Wofuna udokotala amalemba Biologia ndi Química. Wofuna uinjiniya amalemba Matemática ndi Física. Kukakamiza mwana udokotala chifukwa choti mwana wa uje ndi dokotala n'kutaya ndalama ndi chaka.

Chachitatu ndi nthawi. Mafunso a zaka zam'mbuyo amapezeka, ndipo ana amagawana pa foni. Koma kuwerenga kumafuna mpata. Mtsikana amene amadzuka kukatunga madzi, kuphika, kulera ang'ono ake ndi kukakhala pabenchi kumsika awerenga nthawi yanji? Kwa miyezi iwiri kapena itatu, gawani ntchito zapakhomo. Anyamata nawonso atha kutsuka mbale. Madzulo chepetsani wailesi. Izi sizifuna certificado iliyonse.

Tsopano ndinene chinthu chimene chimandipweteka mtima. Nyengo imeneyi kumatuluka anthu onena kuti: "Ndili ndi munthu wanga mkatimo. Ndipatseni ndalama, malo a mwana apezeka." Makolo ena amagulitsa mbuzi, ena amatenga ngongole. Ambiri mwa anthu otere ndi akuba. Amasankha dala kholo losadziwa kuwerenga, chifukwa amaganiza kuti silifunsa pepala. Ndipo ngakhale munthuyo atakhaladi ndi njira, kugula malo ndi katangale, mlandu pamaso pa lamulo. Kumalandanso malo a mwana wa mnzanu amene anawerenga usiku. Ndalama yolembetsera imalipidwa m'njira imene edital yanena, ndipo mumalandira lisiti. Lisitiyo isungeni bwino. Munthu akafuna ndalama yopanda lisiti, kanani, ndipo mukanene kupolisi kapena ku Procuradoria.

Masiku ano kulembetsa kumachitika kwambiri pa intaneti. Ngati mwana akupita kwa munthu wa kompyuta kuti amuthandize, awerenge zonse zimene zalembedwa asanatumize. Nambala ya foni ikhale yake, ndipo mawu achinsinsi olowera awasunge yekha.

Wina anena kuti: "Zonsezi n'zabwino, koma ndalama zilibe." N'zoona, yunivesite ya boma si yaulere. Pali ndalama yolembetsera, ya mabuku, ya chakudya ndi ya ulendo. Sindinama kuti mavutowa amatha ndi kuwerenga edital. Koma boma lili ndi ofesi yothandiza ophunzira, Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo mayunivesite ena ali ndi thandizo lawo. Thandizo limeneli silikwanira onse, komabe amene sanapemphe sangalandire. Kupemphako kumafunanso mapepala olongosoka ndi kusunga masiku.

N'zoonanso kuti ofuna malo ndi ambiri kuposa malowo. Mwana akalephera, musamunyoze. Atha kulembanso chaka chamawa. Athanso kuyesa sukulu za uphunzitsi, za unamwino kapena za ntchito zamanja. Walira mvula walira matope, amatero akulu: amene wafuna mwana wophunzira avomere ndi mavuto ake.

Mayi wa ku Matundo uja tsopano amaphunzira masana aliwonse akaweruka kumsika. Mwana wake wachiwiri ali kalasi 11. Mapepala ake anawayerekeza kale, chilembo ndi chilembo. Sabata ino, inunso tsegulani sutikesi yanu.