Magazi Sayankha Tsiku Lomwelo

Kacilombo kakalowa m'thupi, magazi amapanga asilikali olimbana nako, amene madokotala amati ma antibody. Asilikaliwa saoneka ndi maso. M'caka ca 1941 Albert Coons wa ku Harvard anawamata utoto wowala, kotero kuti pa maikulosikopu malo amene agwira mdani amawala.

Anamwino akatibaya cala kuti apime HIV, amafunafuna asilikali omwewa, osati kacilombo kenikeniko. Koma thupi limatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi 3, kuti lipange okwanira kupezeka. Tsono, abale, ngati tapimitsa titangocoka pa ngozi, tisafulumire kukondwera. Tibwererenso pa tsiku limene tauzidwa, mwamuna ndi mkazi pamodzi, kuti titeteze banja ndiponso mwana amene ali m'mimba.