Wovulala m'mutu akadzuka, musafulumire kunena kuti wapulumuka

Ku Wenya, monga m'madera ambiri a Chitipa, njinga yamoto ya kabaza ndiyo imafikitsa anthu kumsika ndi kuchipatala, ndipo ambiri amakwera opanda chisoti. Munthu akagwa n'kumenyetsa mutu, kenako n'kudzuka n'kumayankhula bwinobwino, abale amathokoza Mulungu n'kubwerera naye kunyumba. Apa m'pamene pagona ngozi.

Chibade cha munthu wamkulu sichitamuka. Mtsempha ukang'ambika mkati, magazi amasowa potulukira. Amaunjikana pakati pa fupa ndi ubongo n'kuyamba kuufinya. Ukakhala mtsempha wothamanga magazi, munthu amatha kucheza kwa maola angapo, kenako mutu umakula kupweteka, amasanza, amagona tulo tovuta kumudzutsa. Nthawi zina mwana wa diso limodzi amakula kuposa mnzake, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zimafooka.

Kwa agogo ndi anthu omwa mowa kwambiri, magazi amatha kudontha pang'onopang'ono kwa milungu. Kugwa kuja aliyense amakhala ataiwala. Agogo amayamba kusokonezeka, kuyenda modzandira, anthu n'kumati ndi ukalamba, ena n'kumaloza chala mnansi kuti wawalodza. Zimandiwawa, chifukwa ambiri otere amachira madokotala akaboola kabowo pachibade n'kutulutsa magaziwo.

Koma dokotala sangaboole asanaone pamene pali magazi. Ambirife timakhulupirira kuti "akamujambula" ndiye kuti zonse zaoneka. X-ray wamba amaonetsa mafupa; magazi ozungulira ubongo sawaona. Fupa likhoza kukhala losasweka mkati mukukha magazi. Makina oyenera ndi a CT scan, amene Godfrey Hounsfield anapanga ku England ndipo anajambulira wodwala woyamba ku London mu 1971. Amazungulira mutu n'kuujambula m'magawomagawo, monga mmene timadulira buledi, ndipo magazi atsopano amaoneka oyera pachithunzi. Kujambulako sikupweteka, ndipo kumatha m'mphindi zochepa.

Chimene chimadya nthawi ndi msewu. Makinawa ali m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala wa ku Wenya amayambira pachipatala chaching'ono, kupita ku boma la Chitipa, n'kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha ku Mzuzu kudzera ku Karonga, ndipo m'dzinja matope amawonjezera maola ena. Tsiku limene banja lataya podikira kuti "tione kaye mawa" silibwezeka. Boma nalo lionetsetse kuti ambulansi za m'maboma akutali ngati la Chitipa zili ndi mafuta nthawi zonse.

Inu abale, wovulala m'mutu musamusiye yekha usiku woyamba, ndipo musamupatse mowa kapena asipirini, pakuti asipirini amachedwetsa magazi kuundana. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zija, nyamukani nthawi yomweyo, ndipo mukawauze achipatala tsiku limene anagwa, ngakhale patapita mwezi.